Magalasi Ali M'thumba

Lamlungu, 8 Juni

Kope ili ndi langa. Mawu ndi anga, dzanja ndi la Mzime. Ndamuuza kuti azilemba monga ndikunenera, osakometsa, osachotsa, ndipo tikatha azindiwerengera ndimve ngati ndi zomwezo. Ndikufuna zina zikhale papepala mutu usanayambe kudontha.

Tiyambe ndi ana.

Chisamba, wamwamuna: mphunzitsi wamkulu. Ana amene adutsa m'manja mwake sangakwane m'bwalo la mpira. Akalowa m'chipinda anthu amaimirira okha.

Wachiwiri, wamkazi: namwino. Madokotala achinyamata amayamba afunsa iye asanagwire wodwala. Malemu mayi ake anatisiya iye atawagwira dzanja.

Wachitatu, wamwamuna: dalaivala wa magalimoto akuluakulu. Zaka khumi ndi zisanu pamsewu, osagunda ngakhale nkhuku.

Mzime, wamkazi: ali pakhomo pano, amasoka.

Ine bambo awo ndinali mesenjala wa mu ofesi zaka makumi atatu ndi zinayi. Sukulu sindinapite nayo patali, koma palibe uthenga umene unatayika m'manja mwanga.

Wandiwerengera. Zonse zili m'malo. Pa mzere wake wadutsa mofulumira ngati waponda makala. Tiyi wake wazizira osamwa. Lemba zimenezonso.

Lolemba, 9 Juni

Lero wafika nkhope ili gwa. Ndachita kumukumba ngati mbewa kuti ayankhule.

Kumene amasokako ndi kampani ya mayunifolomu, ndipo kuyambira Januwale iye ndi kapitawo wa matelala khumi ndi asanu ndi atatu. Ndimadziwa, ndinangoiwala kunena dzulo.

Nkhani ili chonchi. Sukulu ina inaitanitsa malaya mazana awiri a manja aafupi, kenako inasintha maganizo, akuti manja akhale aatali. Mzime analemba pepala, n'kumata pakhoma pamwamba pa tebulo lodulira nsalu. Wodula ndi bambo wina wachikulire, amawatcha a Sizasi, wokhalitsa pakampanipo kuposa makina enawo. A Sizasi anadula manja aafupi, onse mazana awiri. Nsalu yodulidwa sikula.

Mzime anawakalipira pamaso pa anthu onse. Akuti anati, "Kodi masowo ndi okongoletsa nkhope?" Ndamufunsa kawiri ngati anaterodi kwa munthu wa imvi. Wagwedeza mutu kuvomera.

Tsopano matelala alemba kalata kwa a manijala kuti amuchotse paukapitawo. Asaina onse. A manijala akuti Lachisanu pakhala msonkhano, amva mbali zonse, ndipo wolakwa atsika. Mawa ndi mkuja amutumiza kumaphunziro a kayankhulidwe ndi kalembedwe ka pantchito.

Ndamufunsa, uthengawo anakubwerezera? Akuti kubwereza kotani. Ine bwana akandituma, ndinkaima pakhomo chipewa chili m'manja, n'kunena, "Mwati envelopu yofiira ipite ku chipinda chachitatu, yoyera ku positi, ndipo msonkhano ndi wa mawa osati lero. Ndamva bwino?" Akalaliki ankandiseka, amvekere mesenjala wathu ndi chinkhwe. Koma chinkhwe chinapuma pantchito ndi satifiketi ya ulemu, ili pakhomapo.

Iye akuti, "Bambo, masiku ano timalemba." Chabwino. Lemba.

Lachiwiri, 10 Juni

M'mawa wathamangira kumaphunziro, makiyi a chipinda cha nsalu n'kuwasiya patebulo. Wandiimbira foni kuti ndikapereke. Ndavala jekete yanga yakuda, ndakwera basi. Mesenjala sapuma.

Koyamba kuona kumene mwana wanga amagwira. Chinyumba chachitali, makina mizere itatu, phokoso ngati mvula pamalata. Ulusi pansi paliponse, fungo la simbi yotentha. Ndiye makoma! Mapepala okhaokha. Pakhomo pepala, pampopi pepala, ngakhale pamwamba pa wotchi pepala. Zilembo za Mzime ndimazidziwa maonekedwe ake, zoimirira ngati asilikali.

Mayi wina wa pa makina oyamba, tepi ili m'khosi, wandifunsa kuti ndikufuna ndani. Nditanena, watembenukira anzake, amvekere, "A Chikwangwani atumiza bambo awo!" Aseka. Kenako wachita manyazi, wandikokera mpando, akuti pepani bambo, ndi dzina la pantchito chabe. Akuti, "Mwana wanuyo ntchito amaidziwa, singano imamumvera. Koma moni wake ndi wa pakhoma. Tikafuna kudziwa ngati wadzuka bwino, timawerenga."

A Sizasi ndawapeza patebulo lawo, choko kukhutu. Munthu wofatsa, manja aukhondo. Tapatsana moni wa akulu. Tili chicheza, pabwera pepala la miyezo kuchokera ku ofesi. Aligwira, aliyang'ana, kenako apapasa pachifuwa n'kuuza mayi wa tepi uja kuti, "Achemwali, tandiwerengerani, magalasi ndaiwala kunyumba."

Magalasi ali m'thumba la malaya awo. Mwendo wake umodzi ukuonekera.

Andiona kuti ndaona. Anditulutsa mpaka pageti, andigwira dzanja nthawi yaitali.

Bambo ajawa sawerenga, Mzime. Manambala a pa tepi amawadziwa, mawu ayi. Pepala lako linali pamwamba pa mutu wawo sabata yonse ngati chithunzi cha maluwa.

Wasiya kulemba. Akuti, "Ndiye ndapulumuka. Lachisanu ndikanena zimenezi." Ndamuuza kuti ayi. Akuti, "Ndiye nditsike ine?" Mawu akwera. Wandiuza kuti lero tilekere pano, ndipo sandiwerengera.

Lachitatu, 11 Juni

Mzime wakana kulemba. Izi ndalemba ndekha. Zanditengera nthawi.

Lachinayi, 12 Juni

Wabwera yekha ndi kope pakhonde dzuwa lisanalowe. Wayang'ana mzere wanga wa dzulo nthawi yaitali. Kenako akuti ayambe ndi iye, ine ndimve. Ndavomera. Zimene wanena ndi izi, ndikubwereza kuti zilowe m'kope.

Akuti kumaphunziro awaphunzitsa kuima chilili, kuyang'ana anthu m'maso, kulemba ziganizo zazifupi. Awaphunzitsanso kumvetsera, koma mphunzitsiyo anayankhula yekha maola awiri za kumvetserako. Zoti akanene mawa wakonza kale, masamba awiri, ndipo chithunzi cha pepala lija chili pafoni, tsiku lake likuoneka.

Akuti mapepala anayamba kumata chifukwa sabata yoyamba ya ukapitawo ataima kuti ayankhule, mawu ananjenjemera, wina anatsokomola dala, ena anaseka. Onsewo ndi akulu kwa iye. Pepala silinjenjemera.

Kenako akuti, "Achimwene mizere itatu, achemwali mizere itatu. Ine: ali pakhomo pano, amasoka. Ukapitawowu ndi chokhacho chimene ndili nacho, Bambo, ndiye mukuti ndichitaye chifukwa cha munthu amene mwamuona kamodzi."

Ndamva bwino? Akuti eya.

Tsopano lemba zanga, ndipo usadumphe. Sukulu ndinalekeza kalasi yachiwiri. Dzina langa ndimalemba, zina ndimachita kugwirira chilembo chimodzichimodzi ngati wowoloka mtsinje pamiyala. Nyuzipepala imene ndinkabwera nayo madzulo inu muli ana, ndinkaona zithunzi. Malipoti anu a kusukulu ankandiwerengera ndi mayi anu, kuchipinda, chitseko chotseka. Ng'ala yangobwera chaka chatha, koma magalasi ndakhala ndikuwaiwala zaka makumi anayi. Kubwereza uthenga kuja sikunali nzeru. Anali mantha. Zimene anzanga ankasunga papepala, ine ndinkasunga m'mutu.

Tsiku lina kalaliki wina anandigwira. Akanatha kunena pamaso pa onse. M'malo mwake, kuyambira tsikulo, envelopu iliyonse ankandipatsa akutchula dzina mokweza, ngati akudziyankhulira yekha. Anachita zimenezo mpaka anasamuka. Inu nonse anayi munaphunzira chifukwa munthu ameneyo anatseka pakamwa.

Sindikukulamula. Ntchito ndi yako, ndipo ikatha tidzavutika tonse awiri, ndikudziwa.

Wandiwerengera zonse, pang'onopang'ono. Pena mawu amathawa, amayambiranso. Zoti akachita chiyani mawa, sananene.

Lachisanu, 13 Juni

Tsiku lonse ndakhala pakhonde. Wailesi sindinaimve. Ndasesa pabwalo kawiri.

Wafika ndi mayi wa tepi uja, wamuperekeza mpaka pageti pathu, n'kundikuwira kuti, "Bambo, tabweza katundu wanu ali wamoyo!" Ndiye wandifotokozera, ine ndikubwereza, iye akulemba nkhani yake yomwe. Ndikalakwitsa andikonza.

Anasonkhana pakati pa makina, magetsi a makina atazimitsa. A manijala anakhala pa tebulo lodulira. Anati kapitawo ayambe. Masamba awiri aja anali m'manja, foni m'thumba. Mawu ananjenjemera ndithu. Mzime anapinda masambawo, n'kunena kuti ayambe ndi matelalawo, iye amve.

Mayi wa tepi anayamba: moni kulibe, kufunsa kulibe, zonse pakhoma. Mzime anati, "Mwati ndimakulamulani osakuonani nkhope. Ndamva bwino?" Mayiyo anadabwa, anati eya. Wina wa mabatani anati makina ake akhala akudula ulusi mwezi wathunthu, atanena anauzidwa kuti alembe. Mzime anabwereza. Wachitatu, wachinayi, chimodzimodzi. Atafika wachisanu ndi chimodzi wina kumbuyo anati, "Koma lero khoma layankhula," anthu n'kuseka, koma kuseka kwina.

A manijala anafunsa za manja a malaya. Anayang'ana a Sizasi, n'kuti, "Pepalalo munaliona kapena simunalione?" A Sizasi anaimirira, dzanja lili pathumba la magalasi. Asanatsegule pakamwa, Mzime anati, "Bwana, uthenga unali wanga. Ndinaumata pakhoma, sindinaupereke kwa munthu. Sindinapite patebulo kukanena, sindinafunse ngati wafika. Ndipo mawu amene ndinawanenera bambowa, ndinawanena pamaso pa onse, ndiye ndikupepesanso pamaso pa onse."

A Sizasi anakhala pansi.

Chigamulo: kalata yochenjeza yalowa m'failo yake, ndipo aonedwa miyezi itatu. Ukapitawo sanamuchotse. Malaya aja asokedwa a manja aafupi, agulitsidwa kwina. Kuyambira Lolemba, m'mawa uliwonse azikumana pa tebulo lodulira makina asanalire, malaya achitsanzo ali m'manja, iye anene, wina abwereze.

Poweruka a Sizasi anamupeza akumatula mapepala pakhoma. Anamuthandiza a pamwamba, poti iwo ndi aatali. Anangoti, "Mukawapatse moni bambo."

Ndamva bwino? Akuti eya.

Loweruka, 14 Juni

M'mawa uno. Ndamuuza atsegule tsamba loyamba, andiwerengere za ana. Wawerenga. Nthawi ino ndamva ndi makutu anga mmene mzere wachinayi ukumvekera.

Ndati afufute. Akuti ndinanena ndekha kuti osachotsa. Chabwino, ukhale, anthu adzaone mmene bambo awo ankaperekera uthenga wosakwana. Koma lemba pano, ndi zilembo zako zoimirira zija.

Mzime, wamkazi: kapitawo wa matelala khumi ndi asanu ndi atatu. Singano imamumvera. Anali ndi mawu oti adzipulumutse nawo, anawasunga m'thumba. Ndi iye amandiphikira tiyi, amandidonthezera mankhwala m'maso, amandilembera kope ili. Ali pakhomo pano, ndipo ine ndilipo chifukwa cha zimenezo.

Akuti yapitirira mizere itatu, achimwene adandaula. Adandaule.

Tsopano uthenga. Loweruka pa 28 Juni, ana onse, apongozi ndi zidzukulu, pakhomo pano nthawi ya nkhomaliro. Dalaivala aimike galimoto, Namwino asinthane ndi mnzake, Chisamba asabwere ndi zokamba zake. Ndikufuna tsamba la Lachinayi liwerengedwe onse ali pomwepo, kenako ili.

Mzime akuti awalembera pafoni pompano. Ndati ayi, uwaimbire mmodzimmodzi, ndipo aliyense abwereze tsikulo.

Wayamba ndi Chisamba. Ndikumumva kukhitchiniko: "Ayi achimwene, bwerezani. Pa chani?"

Izi zomalizazi ndalemba ndekha.