Digiri Yachiwiri, Nthawi Yanga

Lolemba, 3 Malichi

Anditenga ku yunivesite. Digiri yachiwiri ya zamalamulo, zaka ziwiri, makalasi madzulo ndi Loweruka. Ndiyankhe pofika pa 14. Uthengawo ndauwerenga m'khonde la khoti, mkanjo uli pamkono, ndaseka ndekha mpaka mlonda kunditembenukira.

Amuna anga ndawauza tikudya. Ayika supuni pansi. "Zabwino, mayi a mwana, koma tiganize kaye." Tiganize chiyani? Pangano tinapangana zaka zisanu zapitazo: ayambe iwo digiri yawo ya bizinesi, akamaliza ndipite ine. Anamaliza. Satifiketi ili pakhoma pabalaza, m'felemu yodula kuposa nsapato zanga zapakhoti. Kuyambira lero m'buku muno dzina lawo ndi aDigiri.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndafunsa abwana ngati pepalali lingasinthe kanthu pa ofesi pano. Osadzutsa n'komwe mutu pa fayilo. "Woweruza sanafunsepo loya kuti ali ndi madigiri angati. Malipiro ndi omwewo, mayi."

Chabwino. Nanga bwanji milandu yonse ya mabanki imapita kwa mnzathu uja anabwera chaka chatha ndi zilembo zitatu kumbuyo kwa dzina? Ine yanga ndi ya malire a mapuloti, alendi osalipira, mabanja otha. Zaka zisanu ndi zitatu, mafayilo omwewo onunkha fumbi. Abwana akuti makasitomala akuluakulu amakonda kuona zilembo pa khadi. Ndiye kuti woweruza safunsa koma banki imafunsa. Bwanji osangonena choncho poyamba?

Fizi yonse ndi malipiro anga a miyezi isanu ndi iwiri. Theka lilipo kale, ndakhala ndikusunga. Theka linalo Mulungu ndiye adziwa.

Lachinayi, 6 Malichi

ADigiri abwera ndi kompyuta pabalaza, andikhazika pansi ngati kasitomala. Mizere yofiira, mizere yobiriwira. Awerengera fizi, mabuku, minibasi yobwerera madzulo, wolera mwana Loweruka. Mapeto ake akuti ndalamazi zingabwerere patatha zaka khumi ndi chimodzi, mwinanso osabwerera.

Masamu amenewa anawaphunzira ndi ndalama za ndani?

Ndawafunsa kuti nanga yanu ibweza liti, poti mpando ndi womwe uja, malipiro omwe aja. Ati, "N'chifukwa chake ndikudziwa." Yankho limenelo ndi limene landipsetsa mtima kwambiri. Mwina akunena zoona. Koma zoona zimenezi zaonekera lero, nthawi yanga itakwana?

Zaka ziwiri ndinkatayipa ntchito zawo za kusukulu mwana ali kumbuyo. Loweruka lililonse ndekha ndi matewera. Ukwati wa mng'ono wanga ndinapita ndekha, anthu n'kumafunsa ngati banja lidakalipo. Sindinatsegule kompyuta kuwerengera ngati zidzandibwerera. Amati mnzako akapsa ndevu mzimire. Ndinazimira. Zanga zayaka, iwo akuwotha.

Loweruka, 8 Malichi

Apongozi ayimba foni m'mawa ndikuchapa. Moni wautali, za miyendo yawo, za mvula. Kenako: "Mwanangu, sukulu siitha. Mdzukulu wanga akufunika mng'ono wake." Ndangoti inde amayi, ndamva amayi, thovu likuchucha m'zigongono.

Wawauza ndani? Funso lopusa. Mwana wawo akalephera mlandu amachita apilo kwa amake.

Masana ndapita ku saluni kuti ndisakhale m'nyumba. Ndili pansi pa chowumitsira tsitsi ndadzifunsa ndekha, popanda wondinamiza: kodi malamulo a mabanki ndimawakonda? Sindikudziwa. Mayi wina amene ndinamupulumutsira puloti mwezi watha anandigwira manja onse awiri. Banki sigwira munthu dzanja. Koma ndatopa kukhala loya wopatsidwa zotsala.

Lolemba, 10 Malichi

Khoti tsiku lonse, mlandu ayimitsanso. Nsapato yakumanzere yayamba kuyasama. Mwana chifuwa, mankhwala agula aDigiri, ndiwayamikire pamenepo. Za sukulu osatchula, ine osatchula. Kwatsala masiku anayi.

Lachitatu, 12 Malichi

Desiki kulibe.

Desiki ya kuchipinda, ya pawindo, imene tinagula iwo akuyamba sukulu, imene ndinkaipukuta ndikudziuza kuti tsiku lina ndidzakhalapo ine. Ndalowa pobwera kuntchito, pangotsala timabowo tinayi pa kapeti. Aipereka kwa mlamu wanga, mng'ono wawo, akuti akutsegula kashopu kokonza mafoni. Galimoto inabwera masana ine ndili kukhoti.

"Imangodzaza malo, mayi a mwana."

Imangodzaza malo! Yakhala pamenepo chitsirizireni sukulu yawo, itasenza malaya awo ndi machaja, osadzaza malo. Yadzaza sabata ino. Munthu kulephera kundiuza pamaso kuti usapite, n'kutuma mipando kuti indiuze.

Sindinakuwe. Mwana anali pakhomo ndi chidole chake. Ndangowayang'ana mpaka akumbukira kuti ali ndi foni yoti aimbe panja.

Lachisanu, 14 Malichi

Ndavomera. Ndalipira theka nthawi ya nkhomaliro, pa mzere wa ku banki, njala ikundipweteka. Wa pakauntala wandifunsa ngati ndili bwino. Ndati kwambiri.

Ndaweruka msanga. Tebulo lodyera ndalikoka ndekha kuchoka pabalaza mpaka kuchipinda. Pakhomo linakana, ndaligoneka chammbali, lakanda utoto, mwendo umodzi wandiponda chala. Lalowa. Laima pawindo, lalikulu mopusa, kabati ya zovala sikutseguka bwino. Zilibe kanthu.

ADigiri pobwera apeza mipando inayi itazungulira malo opanda kanthu. Ayima nthawi yaitali chikwama chili m'manja. "Nanga tizidyera pati?" Ndati pamiyendo, bambo a mwana, tebulo limangodzaza malo.

Mwana wasangalala, akuti tili pa pikiniki. Iwo adya mbale ili pa maondo, msuzi wadonthera pa thalauzi la kuntchito. Ndinganame nditati sizinandikomere.

Loweruka, 3 Meyi

Sabata yachitatu ya makalasi. Malamulo a ngongole za makampani. Mphunzitsi amawerenga zimene zili pakhoma, ife timakopera. Dzulo ndinagona m'kalasi, anandidzutsa ndi mnzanga wokhala naye pafupi. Theka lotsala la fizi likufunika mu Ogasiti. Nsapato ija ndamata ndi guluu.

Tebulo likadali kuchipinda. Palibe walitchula.

Lero pobwera ndapeza mbale zotsuka, zovala zili pachingwe. Ndakhala pansi kuti ndiwerenge. ADigiri alowa mwakachetechete, ayika tiyi pambali pa buku, ndi nyale yatsopano yowerengera, ikadali ndi mtengo wake pa bokosi. "Ya kudenga ija imapweteka maso, ndikuidziwa." Atenga mwana, apita naye koyenda, atseka chitseko pang'onopang'ono.

Ndinakonzeka kulimbana nawo zaka ziwiri. Mayankho ndinali nawo kale, ena okoma zedi. Tsopano nyumba ili zii, tiyi watentha bwino, shuga wake ndendende, ndipo palibe wondiletsa. Ndatsegula tsamba 40. Ndaliwerenga katatu. Mkwiyo ndikuufunafuna kuti undikankhe, sukubwera, ndipo popanda mkwiyowo sindikudziwa ngati bukuli ndikulifuna n'komwe.

Tsamba 40. Ndiyambirenso.