Wagona Ndi Mthenga Yekha

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira miyendo ija yasiya kuwawa. Kuno mwana ali bwino, wamera mano awiri.

Lachiwiri anandibaya jakisoni wa ululu wa khansa yanga ija, yakumusi kumene sindingatchule m'kalata. Anandigoneka chafufumimba, kenako singano yaitali ngati yosokera matumba inalowa chakumapeto kwa msana. Adokotala anati, "Mayi, tikugoneka mtsempha umene umanyamula uthenga wa ululu." Ine ndinkangoyang'ana nyerere ikuyenda pansi, mpaka moto wa ululu uja unazima.

Azakhali, ndikulemba nditakhala pa mpando, ine amene miyezi isanu ndinkadya choimirira. Thupili likukhala ngati lobwereka, lopepuka, ngati ndikuyenda m'madzi ofunda. Masana ndikasinza ndimalota mwanayu atavala yunifolomu, wina akumumangira zingwe za nsapato, koma nkhope ya munthuyo sindiiona.

Bambo ake akuuza aliyense kuti ndachira. Dzulo amvekere, "Mayi a mwana, mwezi wamawa mubwerera pa makina anu osokera, ulesi watha." Ndinangoseka nawo. Iwo anali panja pamene anesi ankandiveka n'kundinong'oneza kuti, "Achemwali, wagona ndi mthenga yekha. Matenda amene amamutuma ali maso."

Sindinawauze, ndipo inunso musawauze.

Chonde bwerani mwezi uno, musadikire tchuthi. Mwanayu amakana anthu achilendo, amatenga nthawi kuti azolowere kumbuyo kwa munthu. Ndikufuna azolowere kumbuyo kwanuko ine ndikuona.

Ndine mwana wa mchimwene wanu.