Mkunga Wakanirira pa Mamita 58

Lolemba, 12 Ogasiti

Mkunga wakanirira m'chitsime. Ndikulemba pano manja akununkhabe girizi.

Mkunga ndi dzina limene tinapatsa chida changa choyezera. Ndi chitsulo chachitali ngati munthu, chowonda ngati mkono, chimene ndimatsitsa ndi waya kuti chindiuze pamene pali mwala wolimba, pamene pali ming'alu, pamene madzi akulowera. Lero unatsika bwinobwino mpaka pansi, mamita 92. Pokwera, utafika pa 58, gwa! Makina okokera anayamba kulira mwachilendo, ndinazimitsa msanga.

A Khutu, mkulu amene anaboola chitsimechi, anabwera osathamanga. Timawatcha choncho chifukwa chitsulo amachita kuchimvetsera. Anagunditsa khutu pa waya, kenako amvekere, "Mayi, musakoke. Waya akaduka, chitsime chonse tikwirira."

Kuseri kwa mpanda kuli kachipatala kamene kakudikira madzi amenewa. A namwino anasuzumira: "Mawa titunga?" Ndinangomwetulira.

Chondizunguza mutu n'chimodzi. Unatsika bwanji osagunda kanthu, n'kukana kukwera njira yomweyo?

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Tatsitsa kamera. Matope okhaokha, ngati ukusuzumira m'kapu ya tiyi wamkaka.

Abwana pafoni: pofika Loweruka utuluke, apo ayi tidule waya, iwalani za chitsimecho. Mkunga pantchito pathu ndi umodzi wokhawu, ndipo anaupereka m'manja mwanga.

Koma ndaona kanthu. Ndikamasula waya, umatsika pang'ono, ngati chikhatho chimodzi. Ndikakoka, umakwera chikhatho chomwecho n'kuima. Ndiye kuti sunakwiririke. Pali chinthu chagona chopingasa pamwamba pake. Mwala wogumuka kukhoma? Ndafunsa a Khutu (ndizingolemba a K.). Ati, "Mwina." Maso ali kwina.

Amuna anga ati ndiwerame pakamwa pa chitsime ndiupepese, mwina ndinaulankhula zachipongwe.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Ndawakakamiza a K. kuti andiuze mmene ankachitira kale kulibe makamera. Ati ankadinda. Umaika chinthu chofewa m'chitini, kuchimanga kunsonga kwa mapaipi owonda, kutsitsa m'mbali mwa waya, kusindikiza kamodzi, kukweza. Chimene chili pansi chimasiya nkhope yake.

Tinathamangira sopo wochapira. Maola awiri kulumikiza mapaipi, maola awiri kumasula. Chatuluka ndi phala. Thovu mpaka m'zigongono. Ndaseka mpaka misozi, a K. osaseka ngakhale pang'ono.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Makandulo! Tinasungunula khumi m'chitini, n'kudikira aume. Ulendo uno chatuluka chodindika.

Ndabwera nacho kunyumba, ndachiika patebulo pafupi ndi zenera dzuwa lisanalowe. M'mphepete muli mzere, ameneyo ndi waya wanga. Koma chapakati pali chozungulira chosalala, m'kati mwake timano tofanana. Ndawerenga tisanu ndi tiwiri, tinato sitinadindike. Mwala wanji wa mano ofanana?

Amuna anga atafika kuchokera kugalaja kumene amagwira ntchito anangoyang'ana kamodzi. Anatulutsa sipanala m'thumba la ovolosi, n'kusindikiza mbali yake yozungulira pambali pa chizindikirocho. Ndendende, kungoti yapansiyo ndi yaikulu.

"Mayi a kunyumba, mwala wanuwo anaugula kusitolo."

Ine sipanala yaikulu choncho ndilibe.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Ndinangowapatsa a K. chitinicho. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakhala pa mulu wa mapaipi.

"Ndi yanga. Inagwa mwezi watha, tsiku lomaliza kuboola. Ndinaimva ikugunda khoma kawiri, kenako zii. Ndinkati yafika pansi."

Siinafike. Inakodwa mu mng'alu. Mkunga potsika uyenera kuti unaikhudza, iyo n'kupendekera pakati, n'kutseka njira yobwerera.

"Bambo, bwanji simunanene? Masiku anayi onsewa?"

Anatambasula dzanja lamanja kuti agwire langa mwamphamvu. Zala ziwiri zinagwira. Zitatu zinangopindika pang'ono n'kuima.

"Miyezi isanu tsopano. Sizimva. Chinthu chimachoka m'manja ine osadziwa." Zaka 31 akuboola. Ati ngakhale akazi awo sanawauze.

Ndinkayembekeza kuti ndipsa mtima. Pang'ono ndinapsa, ndisaname. Koma chimene chinatuluka pakamwa panga ndi funso: bowo la sipanalayo ndi lalikulu bwanji? Anandiyang'ana ngati sanamve. Kenako anatenga msomali n'kujambula mbedza pansi: yopindika chammbali, kuti ukatembenuza paipi izilowa yokha m'bowo. Pofika madzulo tinali titawotcherera.

Loweruka, 17 Ogasiti

Tagawana ntchito. Ine manja, iwo khutu.

Choyamba ndinamasula waya chikhatho chimodzi kuti Mkunga usiye kukanikiza sipanala. Kenako ndinagwira paipi, a K. atagwada, khutu pa chitsulo, maso otseka.

"Tembenuzani kumanja. Pang'ono. Ayi, mwapitirira, umenewo ndi mwala. Bwererani."

Ndinawafunsa kuti akusiyanitsa bwanji. Ati mwala umayankha mogonthera, chitsulo chimalira kaye. Ndinayesa kuika khutu langa. Ndinangomva mtima wanga.

Kanayi mbedza inaterereka. Kachisanu iwo anakweza chala. "Imani. Musapume." Ndinakoka pang'onopang'ono, ndipo ndinamva m'mikono kuti paipi yalemera.

Kukweza kunatenga maola atatu, chifukwa palibe amene ankafuna kugwedeza kanthu. Paipi yomaliza itatuluka, sipanala ili lende pa mbedza, dzimbiri lofiira, matope akuchucha. Ndinayatsa makina okokera. 58. 57. 56. Ndinakhala pansi pomwepo, m'matope, siketi yanga ndi yomwe ikudziwa.

Mkunga wakalika mbali imodzi basi. Ndaulumikiza ku kompyuta, ukuyankha.

Abwana ati zikomo, lipoti Lolemba, mulembemo choyambitsa.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Mapewa akuwawa. Lipoti ndalemba lonse kupatula mzere umodzi.

Lolemba, 19 Ogasiti

Tayambiranso kuyeza. Ndatsitsa pang'onopang'ono ngati ndanyamula mazira. A K. anaima kumbuyo kwanga kuyang'ana kompyuta, ati zaka zonsezi sanaonepo zimene mizere imeneyi imanena. Ndawasonyeza: pa 58 khoma latseguka, mng'alu waukulu ndithu, koma madzi ake ochepa. Pa 71 mpaka 74 mzere wa kutentha wapindika mwadzidzidzi. Madzi enieni akulowera pamenepo. Iwo ati poboola anamva chitsulo chikupepuka pa 72. Ndatsegula buku lawo la mwezi watha, zilimodi, zolembedwa ndi pensulo.

Tapereka miyeso kwa oika mapaipi. Pampu Lachinayi.

Nditakulunga waya, ndinawauza a K. kuti pa mzere uja wa choyambitsa sindinama, ndilemba sipanala.

"Lembani, mayi. Koma abwana asaiwerenge papepala. Ayambe amva kwa ine, za dzanja zomwe."

Ndawapatsa foni yanga. Aigwira ndi manja awiri, apita kukaima kuseri kwa galimoto. Ndamva akutsokomola kaye.

"Abwana, ndine. Muli ndi kanthawi?"