Bambo Akukhala Pansi pa Chigamba Chanu

Lachinayi, 9 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Ndalemba "okondedwa" poti ndi mmene anatiphunzitsira, koma mtima wanga suli pamenepo. Foni yanga simuyankha, ndiye werengani.

Mukukumbukira mng'alu uja wa pamwamba pa chifaniziro chachikulu chosemedwa pathanthwe, umene munamata musanapite kunjako? Sabata yatha ine ndi anzanga tinatsika pa zingwe kukayeza thanthwelo. Nditagogoda ndi hamala, mwala unalira ngati mgolo wopanda kanthu. Munatseka mng'alu wonse ndi simenti, ngakhale kumunsi kotulukira madzi, n'kupakapo penti yofanana ndi mwala kuti alendo asaone chilema. Munatipaka phula m'maso tonsefe. Zaka zonsezi madzi a mvula akhala akulowa kumwamba, n'kusowa potulukira, n'kumadya mwala m'kati. Tsopano chimwala chachikulu ngati chitseko cha garaja changotsala pang'ono kugumuka.

Ntchitoyo siyotivuta. Tikufuna kugumula chigamba chanu, kuboola thanthwe, kumanga chimwalacho ndi mabawuti aatali ndi kuika timapaipi totulutsa madzi mvula isanayambe. Chotivuta ndi bambo athu.

Kupuma anapuma pa ulonda wa malowa, koma makiyi a pageti laling'ono anakana kubweza. Atamva kuti tikugumula ntchito yanu, anatenga kampando kawo n'kukakhala pansi penipeni pa chimwalacho. M'mawa uliwonse timawapeza pomwepo, chipewa pabondo. Injiniya wathu waletsa kuboola munthu ali pansi. Alonda akuopa kuwanyamula, poti onsewo ntchito anawaphunzitsa ndi iwowo.

Dzulo ndinawagwadira pamaso pa anzanga. "Bambo, chokanipo chonde, mwalawu ukugwa."

"Iwe, nsanje idzakupha," anatero. "Mlongo wako sagwira ntchito yachinyengo. Mwalawo ukagwa undigwere ineyo, tione."

Timiyala tinali titawathothokera kale paphewa. Anangosasa.

Ndakwiya nanu, achimwene, ndipo sindibisa. Ine ndimalendewera pa chingwe dzuwa lonse kukonza zimene munawononga, koma wansanje ndine, mwana wapamtima ndinu. Zimenezo ndinazolowera, sindikupempha kuti munditamande. Ndikufuna chinthu chimodzi chokha: muwaimbire foni bambo, muwauze ndi pakamwa panu kuti munalakwitsa. Injiniya samumvera, ine sandimvera, amamvera inu basi. Manyazi anu ndi opepuka kuposa chimwala chimenechi, ndipo mitambo yayamba kale kusonkhana masana.

Mayi sakudya bwino. Alamu anu andiletsa kutchula dzina lanu m'nyumba mwathu, ndipo sindinawatsutse.

Bambo adziwa kuti ndikukulemberani. Akupereka moni wambiri, akuti muzivala zofunda kumeneko. Akutinso ndikuuzeni kuti musade nkhawa, ntchito yanu akuilondera okha, ndipo sachokapo.

Ndine mlongo wanu,
amene ndidzawafukule ndi manja angawa mukapanda kuimba.