Lero lokha musazimitse kompyuta

Bambo a mwana,

Chonde, chala chanu chokonda kuzimitsa masoketi chija chipume lero. Kompyuta ndaisiya yoyaka dala.

Kuchedwa kwake konse kuja n'chifukwa choti tinkangounjika chilichonse pa disiki yaing'ono, SSD ija, mpaka inadzaza. Ndiye m'mawa uno ndayamba kusamutsa katundu. Yaing'onoyo, poti ndi yachangu, ikhala ya mapulogalamu ndi ntchito zanu basi. Zithunzi ndi mavidiyo zikupita pa disiki yaikulu, imene yangokhala yopanda kanthu ngati chipinda cha alendo.

Ndimayesa zitha ndisanachoke, koma kamzere kobiriwira koonetsa pomwe kusamutsa kwafika kakungokwawa, ndipo kusikelo sindingachedwe. Mukazimitsa zili pakati, zina zitha kuwonongeka. Pepani, mbale ndazisiya m'sinki.

Mukapeza zithunzi palibe pamalo ake, musandiimbire mokuwa. Tsegulani D, disiki yaikulu ija, zili mmenemo.

Posankha mafayilo ndapeza vidiyo ya malemu bambo anu akuimba, imene tinkati inatayika ija. Inabisala mufoda yomwe inu nomwe munaitcha "zinyalala". Ndiyo ikusamuka pomaliza. Madzulo tiionere limodzi, mwanayu amveko mawu a agogo ake.

Mayi a mwana