Nambala Faifi pa Ukwati wa Tisa

Loweruka. Ndatopa, koma mtima uli m'malo.

Mwana wanga Tisa wakwatiwa lero. M'mawa alamu anga Ba Phiri anandiseka poona ndikulonga jeke m'minibasi: "Alamu, mupita ku ukwati kapena ku galaji?" Titangotuluka mu Kafue Estates, tayala linaphulika. Dalaivala analibe jeke. Tinasintha tayala ndi wanga, ndipo mkwatibwi sanachedwe kutchalitchi.

Paphwando Ba Phiri anandiloza nati, "Awa ndiwo nambala faifi wathu!" Mpira sindiutsata, choncho ndinafunsa. Akuti ndi wosewera wotsalira kumbuyo. Mpira ukadutsa onse, umaima pa iye.

Zaka zonsezi abale akhala akunditcha wamantha chifukwa chokonzekera zovuta nthawi zonse. Dzina latsopanoli ndalilandira. Koma mkamwini wangayu, amene anaiwala mphete m'jekete lina, kaya Tisa adzamudalira bwanji...