Mlomo Umene Unaloza ku Chigafa

Madisi, Dowa
21 Ogasiti 1995

Okondedwa achemwali a Lidia,

Kodi mukukumbukira tsiku lija amayi anapeza mtedza wa mbewu utachepa mumtsuko? Anatiimika atatufe pakhonde. Wakuba ndinali ine, ndipo achimwene a Benjamini ankadziwa. Ndinawaona akudziluma mlomo wam'munsi kuti usaloze kwa ine mwangozi, mpaka chikoti chinagwera iwo. Masiku ano mlomo umenewu ndikumauona paliponse.

Kuno tili bwino, kungoti mphepo yakhalitsa chaka chino. Sindikudziwa ngati ku Kitwe kwanuko munamva kuti chibwerere matipate nyuzipepala zachuluka ngati ngumbi. Ina mwa izo ndimalembamo nkhani ndikaweruka kusukulu, ndipo ndimadzitcha Wakumapiri.

Mwezi wa Juni, m'kanyumba ka vidiyo pamsika pano munabwera filimu ya kunja, ya zigawenga zolimbirana utsogoleri wa gulu lawo. A Yosefe, amene amaima pambali n'kumamasulira, ankatchula mtsogoleriyo kuti tcheyamani. Kumapeto adani ake akubwera kudzamufuna. Mng'ono wake sakuyankha kanthu, akungotembenuzira maso kuchitseko china.

"Tcheyamani wapita!" anafuula a Yosefe. "Wagulitsidwa osatsegula pakamwa!"

"Bodza ilo!" anatero mayi wina kumbuyo. "Mwana wa mayi ako weniweni?"

"Amayi, ine ndikungomasulira, sindinawabereke ndine!"

Anthu anafa ndi phwete. Ine ndinangodzuka n'kutuluka.

Olemba a ku Blantyre ndi ku Lilongwe anaikangana filimuyi milungu ingapo. Wina anati ikuphunzitsa ana umbava. Wina anayamikira ochita sewerowo koma anati mathero ake ndi ofooka, poti munthu sangapereke m'bale wake popanda mawu, popanda chifukwa chomveka. Ameneyu ndiye ndinamuyankha. Ndinalemba kuti mathero aja ndiwo oona kuposa zonse za mufilimumo. Kwathu kuno sitiloza ndi chala chokha. Mlomo nawo umaloza, ndipo mwini wake atha kulumbira moyo wake wonse kuti sananene kanthu. Ndinawonjezera kuti wopanga filimu analakwitsa chimodzi chokha: anamupha mng'onoyo msanga, pomwe akanamusiya akalambe.

Achemwali, izi sindinazitenge m'mabuku.

Mukudziwa kuti mu 1974 achimwene anawalanda utcheyamani wa achinyamata ku Chezi, wowalandayo atawanamizira kuti anyoza boma. Mukudziwa kuti anabisala m'chigafa cha fodya, ndipo anthu a boma atafika kudzawagwira anandipeza ine pabwalo. Ndinakuuzani nonse kuti sindinanene kanthu, ndipo n'zoona, sindinanene. Koma atandifunsa kachitatu, mmodzi n'kunditchulira malo anga a ku koleji ya uphunzitsi, ndinatulutsa mlomo pang'ono chabe cha kuchigafa. Ndakhala ndikudziuza kuti anali mantha. Koma ndinalinso nditatopa kumangotchedwa mng'ono wa tcheyamani, ngati ndilibe dzina.

Achimwene anakhala m'ndende zaka zisanu ndi ziwiri. Atatuluka anapita ku Ntchisi osadzera kwathu, ndipo tinkati ndende yawasokoneza mutu. Amayi anamwalira akunena kuti, "Mikayeli yekha ndiye analimba mtima tsiku lija." Pamaliro paja ndinaona achimwene ataima patali, pansi pa mtengo wa msuku. Ndinadzitanganitsa ndi zolandira alendo mpaka anachoka.

Lachinayi lapitali kunabwera alamu a Ester, akazi awo, amene ndinali ndisanawaonepo. Anakana kulowa m'nyumba. Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kachidutswa ka nyuzipepala kong'ambika mbali imodzi. Akuti achimwene amapichirira fodya wawo m'nyuzipepala zakale, ndipo atang'amba tsambalo maso awo anagwera pa mawu akuti mlomo nawo umaloza. Sanasute tsiku limenelo.

"Akuti Wakumapiri ndinu," anatero alamu.

Kenako anawonjezera:

"Akutinso udzu wa chigafa chija unali ndi mipata. Ankaona pabwalo ponse."

Zaka makumi awiri ndi chimodzi, achemwali. Ankadziwa, ndipo sanauze inu, sanauze amayi. Anangodziluma mlomo ngati kale lija.

Ndinafunsa alamu ngati ali okwiya. Anati, "Amuna amenewa ndakhala nawo zaka khumi ndi ziwiri, koma nkhope yawo sindimatha kuiwerenga. Mukadzifunsire nokha."

Choncho tapangana. Loweruka likudzali ndikwera matola a m'mawa, ndipo achimwene akandidikira pamsika wa Ntchisi boma, pamene amagulitsira mbatata ya kachewere. Ndinafunsa chimene ndingatenge. Alamu anati achimwene anawauza kale yankho lake: ndibwere ndi mtedza. Sindikudziwa ngati akuseka kapena akundiweruza, koma akazi anga a Kristina andikazingira kale.

Kalatayi ikafika ndidzakhala nditawaona. Ndimafuna mumve kwa ine, osati kwa wina. Moni kwa alamu anga kumeneko ndi ana onse. Mundipempherere, ndipo ngati simuyankha msanga ndidzamvetsa.

Ndine mlongo wanu, ngati mukali kundilola kutero,

Mikayeli